Kuyeza mkono wa mwana ndi tepi ya MUAC: mmene ndimaphunzitsira makolo

Mwana amene mumagona naye, kumusambitsa ndi kumudyetsa tsiku ndi tsiku amatha kuonda pamaso panu inu osazindikira. Si kuti ndinu osasamala ayi. Maso amazolowera. Thupi likamatha pang'onopang'ono, lero pang'ono mawa pang'ono, amene amadabwa ndi mlendo wobwera patapita mwezi, osati mayi wake. N'chifukwa chake ine ndikamaphunzitsa makolo za kunyentchera sindiyamba ndi zizindikiro zoona ndi maso. Ndimayamba ndi kuwapatsa m'manja kalamba ka pulasitiki ka mitundu itatu, kamene a zaumoyo timakatchula kuti tepi ya MUAC (chidule cha mawu achingerezi otanthauza kukula kwa mkono mozungulira pakati pake), ndipo ndimafuna kuti aliyense achoke atayeza yekha mkono wa mwana wake molondola.

Tepiyi imayeza kukula kwa mkono mozungulira, pakati penipeni pa phewa ndi chigongono. Pamalo amenewo pali fupa, mnofu ndi mafuta a pansi pa khungu. Fupa silisintha msanga, koma mwana akamadya mosakwanira kapena akamadwaladwala, thupi limayamba kudya mafuta ndi mnofu wake womwe, ndiye mkono umachepa. Chinanso chothandiza n'chakuti kuyambira chaka chimodzi kufika zaka zisanu mkono wa mwana wathanzi sukula kwambiri. Umangowonjezera masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono pa zaka zinayi zonsezo, pamene msinkhu ndi kulemera zikuthamanga. Motero malire amodzi omwewo amagwira ntchito pa ana onse a miyezi 6 mpaka miyezi 59, ndipo simufunika sikelo, thabwa loyezera msinkhu kapena matebulo owerengera.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Pa nkhondo ya Biafra ku Nigeria, ya 1967 mpaka 1970, ogwira ntchito zachifundo ankayeza mikono ya ana kuti adziwe msanga oyenera kuyamba kuthandizidwa. Mu 1974 madokotala awiri, Adnan Shakir ndi David Morley, anafalitsa njira yoyezera ndi kachingwe kopaka mitundu, kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga manambala athe kuyeza. Kenako mu 2009 mabungwe a WHO ndi UNICEF anakweza malire a kunyentchera koopsa kuchoka pa mamilimita 110 kufika pa 115. Chaka chimenechi ndachitchula dala, chifukwa matepi akale adakasungidwa m'madirowa ena. Musanayeze mwana aliyense, yang'anani tepi yanu: mbali yofiira ithere pa masentimita 11.5, omwe ndi mamilimita 115 aja. Ngati ikuthera pa 11.0, imeneyo ndi yakale, kapempheni ina. Onetsetsaninso kuti ndi ya ana, chifukwa pali matepi ena a akuluakulu ndi amayi oyembekezera amene mitundu yake ili pa manambala ena.

Mitundu ili motere. Pofiira ndi pamene mkono uli pansi pa masentimita 11.5. Kumeneko ndi kunyentchera koopsa, ndipo mwana wotero akhoza kumwalira ndi matenda amene mnzake wathanzi angachire mosavuta. Pachikasu ndi kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5, kusonyeza kuti mwana wayamba kunyentchera. Pobiriwira ndi kuyambira 12.5 kupita m'mwamba. Taonani kuti dera lonse lachikasu ndi sentimita imodzi yokha, pafupifupi m'lifupi mwa chikhadabo cha chala chanu chaching'ono. Kukoka tepi mopitirira pang'ono chabe kumamugwetsera pofiira mwana woyenera kukhala pachikasu. Kuisiya yokhwepa kumamukweza mwana wofiira kufika pachikasu, n'kumukhazika pakhomo ali pangozi. Luso lonse la kuyeza lagona pa kusataya mamilimita ochepa amenewa.

Yambani ndi kumukhazika mwana. Akhale pamiyendo pa amayi ake kapena munthu wina amene amamuzolowera, ndipo inu mukhale pansi kapena mugwade kuti maso anu alingane ndi mkono wake. Mkono wonse ukhale pamtunda mpaka paphewa. Kupinda malaya m'mwamba sikuthandiza ngati ali othina, chifukwa amafinya mnofu n'kuukankhira m'munsi, choncho ndi bwino kungomuvula. Musayeze pamwamba pa nsalu, ngakhale ikhale yopyapyala bwanji. Mwana akamalira ndi kulimbalimba, dikirani, chifukwa mkono wolimbitsa umatukumula mnofu n'kupereka nambala yaikulu kuposa yeniyeni. Ana ambiri akaona munthu akuwagwira mkono amaganiza kuti kukubwera jakisoni. Ine ndimayamba ndawapatsa tepiyo kuti aigwire, kapena ndimayeza kaye mkono wa amayi awo iwo akuona. Mwana woyamwa mutha kumuyeza ali pabere, bola mkono woyezedwawo usapanikizike pakati pa iye ndi amayi ake.

M'zipatala timayeza mkono wamanzere. Tinagwirizana choncho kuti nambala ya lero ndi ya mwezi wamawa zichokere pa mkono umodzi womwewo. Ngati wamanzere uli ndi bala, chotupa kapena ndi wolumala, yezani wamanja ndipo mulembe kuti mwatero.

Tsopano kupeza pakati. Pindani chigongono kuti dzanja la mwana ligone pamimba pake. Ikani chala chanu pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, mulitsatire kulowera kunja mpaka pamwamba pa phewa. Mumva kansonga kolimba, ndipo mukapitirira pang'ono chala chimagwera pa mnofu wofewa. Kansonga kameneko ndiye poyambira. Pothera ndi nsonga ya chigongono, fupa losongoka lija limene limaonekera bwino mkono ukapindidwa. Ikani poyambira pa tepi, pamene pali timivi, pa kansonga ka phewa, muitsitse ndi mkono mpaka pa nsonga ya chigongono, muwerenge nambala, kenako muigawe pawiri. Mukapeza 16, pakati ndi pa 8. Lembani kadontho pakhungu ndi cholembera. Ngati kugawa manambala kukuvutani, tengani kachingwe, muyeze kuchokera paphewa kufika pachigongono, mukapinde pawiri, ndipo popindikirapo ndi pomwe pali pakati. Chifukwa chochitira zonsezi n'chakuti mkono si wofanana monse. Kufupi ndi phewa ndi wokulirapo, kufupi ndi chigongono ndi wocheperapo, ndiye tepi ikatsetsereka imanena zina.

Mukalemba kadontho, wongolani mkono. Apa ndi pamene anthu ambiri amaiwala, ngakhale amene ayeza kwa zaka. Chigongono timachipinda pofuna pakati basi. Poyeza penipeni mkono uzilendewera m'mbali mwa thupi, womasuka, zala zosafumbata.

Zungulizani tepi pa kadontho kaja, manambala ali kunja, ndipo mulowetse mchira wake pa kabowo ka kumutu kwa tepiyo. Kokani pang'onopang'ono. Tepi igone mopingasa, osapendekera, osapotoka. Mukufuna kuti ikhudze khungu mbali zonse popanda kulifinya. Mmene mungadziwire ndi poyang'ana khungu la m'mphepete mwa tepi: likayamba kutukumuka m'mwamba ndi m'munsi, tepi n'kumira pakati, mwakoka kwambiri, bwezerani. Kenako suzumirani kumbuyo kwa mkono ndi cha kukhwapa, chifukwa mpata umakonda kubisala kumeneko inu mukuona ngati kutsogolo zili bwino. Mukaona kuwala pakati pa tepi ndi khungu, kapena tepi ikamatsika yokha, ndiye kuti yakhwepa. Pa mwana wowonda kwambiri khungu limakhala lokwinyika ndi lolendewera, ndipo tepi imamira mosavuta. Pamenepo dzanja lanu lifatse koposa. Ndaona anthu ena akukoka mwamphamvu poganiza kuti kulimbitsa ndiye kusamala, enanso akusiya mpata chifukwa chomumvera chisoni mwana. Onsewo nambala yawo imakhala yabodza.

Werengani pa kazenera, pamene timivi tikuloza, maso anu ali molunjika osati chapambali. Tchulani nambalayo mokweza tepi isanachoke pamkono, kenako muilembe nthawi yomweyo, pamodzi ndi kachidutswa kake. Mukapeza 11.8 lembani 11.8, musaikwezere pa 12. Mkono wa 11.4 ndi wofiira, wa 11.5 ndi wachikasu, wa 12.4 udakali wachikasu. Masulani tepi muyezenso kachiwiri. Ngati maulendo awiriwo agwera pa mitundu yosiyana, yezani kachitatu, ndipo mukapitiriza kukayika tengani mtundu woipirapo mupite naye mwana kuchipatala. Kuyenda ulendo n'kukauzidwa kuti mwana ali bwino sikupweteka munthu, pamene kukhala pakhomo ndi mwana wofiira kumapha.

Koma musamuveke kaye. Pali mtundu wina wa kunyentchera umene tepi siutha kuuona, ndipo ine sindilola munthu kunena kuti wamaliza kuyeza asanagwire mapazi. Ana ena m'malo moonda amatupikana, matenda aja a kwashiorkor amene dokotala Cicely Williams anawafotokoza mu 1933 akugwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Madzi amadzaza m'thupi, masaya amakhuta, ndipo achibale amayamikira kuti mwana wanenepa. Mkono wake ukhoza kugwera pobiriwira. Gwirani mapazi onse awiri, muike chala chanu chachikulu pamwamba pa phazi lililonse, ndipo mudinikize mofatsa koma molimba kwa masekondi atatu. Werengani mosathamanga, chifukwa ambiri amachotsa zala sekondi imodzi isanathe. Mukachotsa, yang'anani ndiponso sisitani pamalopo. Pa mwana wabwino khungu limabwerera nthawi yomweyo. Pa mwana wotupikana pamatsala kadzenje kooneka chala chanu, kamene kamatenga kanthawi kuti kadzaze. Kadzenje kakatsala pa mapazi onse awiri, mwanayo ali ndi kunyentchera koopsa, kaya tepi yanena chiyani. Phazi limodzi lokha likatupa, kawirikawiri chimakhala china, monga bala kapena kulumidwa, komabe kamuonetseni. Kutupaku kumayambira kumapazi, n'kukwera m'miyendo ndi m'manja, kenako kumaso, ndipo kukafika kumaso mwana amafunika kugonekedwa m'chipatala. Kawirikawiri mwana wotere amakhala wokwiyakwiya kapena wongokhala duu, tsitsi limafiira ndi kuthothoka, khungu limasupuka.

Nanga mukapeza mtundu, muchite chiyani? Pofiira, kapena mapazi otupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire tsiku la sikelo, musadikire kuti muyese kaye kumudyetsa kwambiri kwa sabata. Thupi la mwana wonyentchera koopsa limakhala litachepetsa ntchito zake zonse: mtima, chiwindi, impso ndi matumbo zimagwira mofooka, ndipo chakudya chambiri chobwera mwadzidzidzi chikhoza kumupweteka. Amathanso kukhala ndi matenda aakulu m'thupi koma osatentha thupi, chifukwa mphamvu zotenthetsera zinatha. Zimene zimapha ana otere msanga ndi kuzizidwa ndi kutsika kwa shuga m'magazi, choncho panjira mufunditseni bwino, mutu womwe, ndipo apitirize kuyamwa kapena kudya pang'onopang'ono pafupipafupi. Ngati akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, akupuma mothamanga kapena wafooka moti sakudzuka bwino, pamenepo ndi changu, mtundu wa tepi usakuchedwetseni.

Ndi bwino kudziwiratu zimene mukakumane nazo kuti mantha asakubwezeni. Akamuyezanso mkono, kulemera ndi msinkhu, akamuona ngati ali ndi matenda ena, kenako akamupatsa chiponde cha kuchipatala kuti adye iwo akuona. Chimenechi ndi chakudya chamankhwala chopangidwa ndi mtedza wopera, mkaka waufa, mafuta, shuga, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Chinapangidwa koyamba ku France mu 1996 ndi André Briend ndi Michel Lescanne, ndipo kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kamapereka makalori 500. Mwana akadya bwino ndipo alibe vuto lina lalikulu, amabwerera kunyumba ndi mapaketi ake pamodzi ndi mankhwala opha tizilombo, kawirikawiri amoxicillin, n'kumabwera kudzaonedwa pa masiku amene apatsidwa. Akakana kudya kapena akakhala ndi matenda ena oopsa, amagonekedwa n'kuyamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75. Kale ana onse onyentchera koopsa ankayenera kugonekedwa, mpaka mu 2007 pamene mabungwe a United Nations anavomereza kuti amene akutha kudya azithandizidwa ali kwawo. Apa m'pamene pali phindu lenileni la tepi: mwana wopezeka msanga amakhala adakali ndi chilakolako cha chakudya, ndiye amachira ali pakhomo. Wopezeka mochedwa amafika atasiya kudya.

Mawu awiri okha pa chipondecho. Ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake, ngakhale akulira pambali. Musachisungunule m'madzi. Woyamwa ayambe wayamwa, kenako adye, ndipo muzimupatsa madzi abwino akumwa chifukwa chimaumitsa kukhosi. Masaya akayamba kubwerera musasiye. Mwana amatulutsidwa pa chithandizochi mkono ukafika pa 12.5 ndipo kutupa kukakhala kuti kunatha kwa masabata osachepera awiri, komanso ngakhale atatuluka muzimuyezabe, chifukwa miyezi yoyambirira ena amabwerera m'mbuyo.

Pachikasu ndi pamene ndimadandaula napo kwambiri, chifukwa makolo ambiri amapuma mtima poona kuti sipofiira. Mwana amene mkono wake uli pachikasu watsala ndi mamilimita ochepa kuti afike pofiira, ndipo kutsegula m'mimba kwa masiku angapo, malungo, chibayo kapena chikuku zikhoza kumutsitsa mpaka pofiira. Mupite naye kwa a zaumoyo m'masiku omwewo, akafufuze chimene chikumuondetsa. Nthawi zina si kusowa kwa chakudya m'nyumba ayi, koma matenda obisala monga chifuwa chachikulu kapena HIV, zilonda zam'kamwa, kapena kuti akudya kawiri kokha patsiku pamene mimba yake yaing'ono imafuna kudya pang'ono koma kangapo. Apitirize kuyamwa, mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, adye chakudya cha magulu osiyanasiyana m'mbale yakeyake kuti muone chimene wadya, ndipo muzimuyeza sabata iliyonse.

Pobiriwira sipakutanthauza kuti zonse zili bwino. Tepi siona kupinimbira, siona kuchepa kwa magazi, ndipo pali ana ena, makamaka okulirapo ndi aatali, amene mkono wawo umakhala pobiriwira koma kulemera kwawo kukayerekezedwa ndi msinkhu amapezeka kuti ndi onyentchera. Njira ziwirizi sizigwira ana amodzi omwewo nthawi zonse, n'chifukwa chake tepi silowa m'malo mwa sikelo. Chimene tepi imachita bwino ndi kusonyeza ana amene ali pafupi ndi imfa, makamaka aang'ono. Yang'ananinso kumene manambala akulowera. Mwana amene anali pa 14.5, mwezi wotsatira 13.8, kenako 13.0, adakali pobiriwira koma akutsika, ndipo ine ndingamutumize kuchipatala osadikira kuti afike pachikasu. Khanda losakwana miyezi 6 musaliweruze ndi mitundu ya tepiyi, chifukwa malire ake sanaikidwire msinkhu umenewo. Likamayamwa movutikira, likamaoneka lowonda kapena likapanda kukwera pa sikelo, pitani nalo kwa a zaumoyo.

Ena amafunsa ngati n'koyenera kuti tepi ikhale m'manja mwa makolo m'malo mwa anthu ophunzira za umoyo. Ine ndimati ikhale ndithu. Ku Niger, m'dera la Mirriah, bungwe la zaumoyo la ALIMA linaphunzitsa amayi kuyeza ana awo, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2015 ndi 2016 zinasonyeza kuti amayi ankapeza mtundu molondola mofanana ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi. Ana opezedwa ndi amayi awo ankafika msanga, ndipo ochepa ndi amene ankafunika kugonekedwa. Anapezanso kuti kuyeza mkono uliwonse ndi kungoyerekeza pakati ndi maso sikunasokoneze kwenikweni zotsatira. Komabe ine ndimaphunzitsa kaye njira yonse ya kansonga ka phewa ndi kadontho, kuti dzanja ndi maso zizolowere malo ake. Munthu akazolowera, sindimuletsa kuyerekeza. Chimene sindigonjera ndi kakokedwe ka tepi ndi kudinikiza mapazi. Mlangizi amamuona mwana kamodzi pamwezi, mwinanso osamuona, pamene kholo lili naye usiku umene wayamba kutsegula m'mimba. Malinga ndi UNICEF, WHO ndi World Bank, mu 2022 ana pafupifupi 45 miliyoni osakwana zaka zisanu anali onyentchera padziko lonse, ndipo a zaumoyo okha sangawafikire onsewo pa nthawi yake. Ndikamati makolo ndikunenanso inu abambo, agogo ndi azakhali amene mumatsala ndi ana. Tepi isakhale ya munthu mmodzi m'nyumba.

Yezani masabata awiri aliwonse ngati mungathe, koma mwezi usathe osayeza. Yezaninso mwana akangodwala, akachira, akasiya kuyamwa, ndiponso akayamba kukana chakudya. Lembani tsiku, nambala, mtundu ndi zimene mwapeza pamapazi m'kabuku kapena papepala losungidwa pamodzi ndi khadi la sikelo, ndipo muzipita nalo kuchipatala, chifukwa mzere wa manambala a miyezi itatu umamuuza dokotala zambiri kuposa nambala imodzi ya tsikulo.

Tepiyo muisunge yoongoka pakati pa masamba a buku, kutali ndi dzuwa ndi moto. Musaipinde mwamphamvu, chifukwa popindikapo sipagona pakhungu ndipo pamawonjezera mamilimita. Ana asaseweretse. Mukayeza mwana wa zilonda pakhungu, ipukuteni ndi madzi a sopo musanayeze wina. Manambala akayamba kufufutika, mitundu ikasuluka, kapena kabowo kakang'ambika moti timivi sitikuloza bwino, isiyeni mukapemphe yatsopano kwa a zaumoyo.